Kaphikidwe ka chigumu pa mbaula, chosapserera pansi komanso chosakhala chiwisi pakati

Kunyumba kwanga kuno chigumu chimatha msanga kuposa keke ya m'shopu, olo mutaziika pa tebulo limodzi. Anthu amayamba kaye adula kekeyo mwaulemu, kenaka muona alamu anu aja akuzemba kupita kukhitchini kukafunsa ngati chigumu chija chatsalako. Ndiye poti anzanga ambiri akhala akundifunsa kuti ndimachita bwanji kuti chizituluka chofewa chonchi, ndati bola ndilembe kamodzi basi, aliyense azingowerenga yekha, ine ndatopa kufotokoza pa foni mayunitsi nkumathera pamenepo.

Dzina lisatikanganitse. Ena amati chikondamoyo, ena chimimina, ena chigumu, zimatengera kumene munakulira. Kwathu tikati chigumu ndiye kuti muli nthochi, tikati chikondamoyo ndi chija cha ufa, shuga ndi soda basi. Chimene ndikufotokoza pano ndi cha nthochi, chophika mu poto pa mbaula, makala pansi makala pamwamba, chifukwa si tonse tili ndi uvuni, ndipo ngakhale amene ali nawo amadziwa okha kuti magetsi atha kukuthimirani chinthu chili pakatikati kufufuma.

Tiyambe ndi nthochi chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa asanakoleze nkomwe moto. Nthochi ya chigumu si ija yokongola yachikasu yopatsa mlendo ayi. Ikufunika yakupsa kwambiri, makoko ake atachita madontho akuda kapena atada ndithu, ija ana amaikana kuti yawola pomwe sinawole. Imeneyo ndi imene ili ndi shuga wambiri komanso fungo, ndipo imakanyika mosavuta. Mukapita kumsika madzulo funsani amayi ogulitsa kuti "mayi, zofewa zija zilipo?" nthawi zambiri amazibisa pansi pa benchi ndipo amakupatsani motchipa poti mawa sizigulika. Pa mitundu ya nthochi, kabuthu amachita bwino, sukali amatsekemera kwambiri moti shuga mumachepetsa, makumbuka nawo akapsa bwinobwino amagwira ntchito koma amalimbitsako chigumu ndiye pamafunika kuonjezera mkaka pang'ono. Zosapsetsa musayerekeze, zimasiya timibulu komanso kakhambi mkamwa. Ngati mwagula zosapsetsa zikulungeni mu pepala kapena muziike mu katoni masiku 2 kapena 3, zipsa zokha.

Kale nthochi sinali nkhani yoti munthu nkumawerengera, ku Thyolo, Mulanje ndi ku Nkhata Bay zinkachita kutayika, koma matenda a chisaka aja anapululutsa minda yambiri moti pano nthochi zambiri zimene timagula m'tauni zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, mtengo wake nkumachita kukuwawa. Nchifukwa chake ine nthochi ikafewa sinditaya, ndimasenda nkuika mu kapepala ka pulasitiki mu filiji kozizira kwambiri kuja, zikakwana ndimaphika. Ikasungunuka imaoneka yonyansa, yamadzimadzi yakuda, koma chigumu chake chimakoma zedi.

Ufa ndi mgaiwa, osati woyera. Ufa woyera uja unanyikidwa, gaga anachoka, ndiye chigumu chake chimakhala chopanda fungo komanso chimangoti gwaa ngati mkute. Mgaiwa uli ndi kafungo ka chimanga kamene kamagwirizana ndi nthochi. Koma onetsetsani kuti ndi wogayitsa posachedwa, chifukwa mgaiwa suchedwa kuwawa ukakhalitsa, makamaka nthawi yotentha, ndipo kuwawa kumeneko shuga sangakubise. Ununkhizeni kaye, laweni pang'ono pa chala. Ndipo musefeni, sefa yanu ija ya nsima yomweyo, kuti timakoko tikuluikulu titsale.

Muyezo wanga ndi uwu, wa poto wapakatikati amene mumaphikira nsima ya anthu 5 kapena 6. Nthochi 7 kapena 8 ngati ndi zazikulu bwino, zikakhala ting'onoting'ono ngati sukali ikani 12. Mgaiwa makapu 3, fulawa kapu 1, shuga theka la kapu, mafuta ophikira theka la kapu, mazira 2, chambiko kapu 1, mchere theka la supuni ya tiyi, soda supuni ya tiyi 1 yosadzadza mpaka phiri, yongolekeza m'milomo. Kapu ndikunena ndi ija yomwera tiyi wamba, osati chimkapu cha abambo a kunyumba chija chokhala ngati ndowa. Chachikulu nchoti kapu imene mwayezera ufa ikhale yomweyo yoyezera zina zonse.

Ndikudziwa pali ena atiuze kuti agogo awo sankaika fulawa, mazira ngakhale mkaka, ndipo nzoona, chigumu chenicheni cha kumudzi ndi nthochi, mgaiwa, mchere, soda ndi madzi basi, chimakoma ndithu ndipo chimakhutitsa mpaka madzulo. Ngati ndi zimene muli nazo phikani chomwecho, ikani mgaiwa makapu 4 ndi madzi ofunda m'malo mwa chambiko. Kungoti ine ndimaika fulawa kapu imodzi ija chifukwa mgaiwa pawokha sugwirana, ukamadula chimanyenyeka, pomwe fulawa amamanga pamodzi kuti chidulike bwino ngati keke, mazira nawonso chimodzimodzi. Pophikira alendo ndimafuna chodulika bwino, pophikira ana Loweruka m'mawa zilibe kanthu.

Za soda ndiyankhule motsindika pang'ono. Soda wochuluka ndi amene amaononga zigumu zambiri zogulitsa m'misewu, chija mukaluma chimanunkha ngati sopo, mkati mwake muli bulawuni woderako ndipo pammero pamatsala kukerekesa. Anthu amaganiza kuti akathira wambiri chifufuma kwambiri, koma sizitero. Soda amafufumitsa akakumana ndi chinthu chowawasa, apa ndiye chambiko chija ndi nthochi zakupsa zija, ndiye akaposa chowawasacho wotsalayo amangokhala mmenemo nkumawawa. Supuni ya tiyi imodzi yakwana. Ngati mulibe chambiko tengani mkaka wamba kapu 1, finyiranimo ndimu theka, dikirani mphindi 10, muona wayamba kudukaduka, ndi womwewo. Ngati mukugwiritsa ntchito madzi okha finyiranimobe ndimu pang'ono. Amene muli ndi baking powder mutha kuika soda theka la supuni ndi baking powder supuni 2 za tiyi, chimatuluka chowala bwino mkati.

Kasakanizidwe nkosavuta. Sendani nthochi mu beseni, kanyani ndi foloko kapena ndi manja osamba bwino mpaka zikhale ngati phala, timibulu tochepa tilibe vuto. Thirani shuga, mchere, mafuta, mazira ndi chambiko, takasani ndi mthiko. Kenaka thirani mgaiwa pang'onopang'ono uku mukutakasa. Apa imani kaye, fulawa ndi soda zisalowe. Vindikirani beseni lija mulisiye mphindi 15 kuti mgaiwa umwe madzi, chifukwa mgaiwa ndi wokhakhala ndipo ukapanda kufewa kaye chigumu chimamveka ngati muli mchenga. Ichi ndinachiphunzira mochedwa, zaka zambiri ndinkangodabwa kuti bwanji cha azakhali anga chimakhala chosalala pomwe zinthu timaika zofanana, kumeneko nkuti iwo amasakaniza nkupita kukakoleza moto, ine ndimayamba moto nkusakaniza mothamanga.

Ndiye mphindi 15 zimenezo ndi zokolezera mbaula. Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chigumu chimaphikidwa ndi moto wa pamwamba, wapansi ndi wongothandizira. Ambiri timazolowera kuphika nsima ndi ndiwo, moto wonse pansi pa poto, ndiye tikafika pa chigumu timachitanso chomwecho, zotsatira zake pansi pamada bii ngati tayala, pakati pali phala laliwisi. Zinandichitikirapo ine tsiku loyamba apongozi anga aakazi atabwera kudzationa titangolowa m'banja, ndinadzadza mbaula ndi makala ngati ndikuphika nyemba, patangotha mphindi 20 fungo la kupserera linafika mpaka pabalaza. Iwo anangotuluka mwakachetechete, anayang'ana mbaula, nkunena kuti "mwanawe, makalawa ndi a maliro kapena?" Anachotsa pafupifupi onse nkuwaika pa chivindikiro. Chija sichinapulumuke koma mawa lake tinaphikanso limodzi.

Kolezani makala okwanira, asiyeni ayake mpaka utsi uthe ndipo ayambe kuyera phulusa pamwamba, makala ongoyaka kumene akuda mbali ina amanunkhitsa utsi komanso moto wake sukhazikika. Akayaka bwino gawani patatu, magawo awiri apita pamwamba, gawo limodzi litsala pansi. Otsala pansiwo amwazeni m'mbalimbali mwa mbaula, pakati pasakhale khala lalikulu, ndipo awazeni phulusa pang'ono kuti moto ufatse. Yesani ndi dzanja, mukaliika pamwamba pa mbaula pamene pakhale poto muzitha kuwerenga mpaka 6 kapena 7 musanalichotse. Mukalephera kufika 3 moto wachuluka, chotsaniko. Kakhomo ka mbaula kaja katsekeni kapena kayang'anitseni kumene sikukuchokera mphepo.

Ngati poto wanu ndi wopyapyala, awa a aluminiyamu opepukawa, pali njira ina imene imathandiza kwambiri. Tengani chipoto chachikulu chakale, thiranimo mchenga wouma wosefa kufika ngati zala ziwiri, chitenthetseni pa mbaula, kenaka poto wa chigumu uja mumukhazike pa mchengapo nkuvindikira chipoto chachikulucho, makala pamwamba. Mchenga umagawa moto mofanana ndiye kupserera kumavuta. Imatenga nthawi yotalikirapo koma kwa amene mukuyamba kumene ndi yabwino. Ena amaika timiyala titatu m'malo mwa mchenga, zimathekanso.

Poto mupakeni mafuta kapena majarini paliponse, pansi ndi m'mbali mpaka m'mwamba. Ine ndimayala tsamba la nthochi pansi, ndimayamba ndaliwamba pa moto pang'ono kuti lifewe lisang'ambike, ndikadula mozungulira molingana ndi poto nkulipakanso mafuta. Limateteza kupserera, chigumu sichimata, ndipo limasiya kafungo kena kake kamene pepala silingakupatseni. Ngati kulibe tsamba wazani ufa pang'ono pa mafuta paja nkugwedeza poto kuti ufike ponse. Nyuzipepala ayi chonde, inki ija si ndiwo.

Moto ukakonzeka bwererani ku beseni. Sakanizani soda ndi fulawa pouma, muphwanye timibulu tonse ta soda ndi zala chifukwa kambulu kamodzi kakatsala wina adzaluma malo owawa okhaokha, kenaka thirani mu phala lija nkutakasa pang'ono chabe, fulawa akangosowa basi siyani. Osamenya ngati mukuvundula nsima, mukatakasa kwambiri fulawa amalimba chigumu nkukhala ngati labala. Kulimba kwa phalalo kukhale koti mukatukula mthiko lizigwa lokha mwaulesi, bwaa, osati kuyenderera ngati thobwa komanso osati kukakamira ngati nsima. Likalimba onjezerani mkaka kapena madzi supuni zingapo, likachita madzi wazani mgaiwa pang'ono. Nthochi zimasiyana madzi ndiye apa maso anu ndi amene aweruze, osati muyezo wanga.

Soda akangolowa musachedwenso, wayamba kale kugwira ntchito, ndiye si nthawi yoyankha WhatsApp. Thirani mu poto, lisapitirire theka kapena kungodutsa pang'ono, chifukwa chikafufuma chimakafika pa chivindikiro nkupserera pamwamba. Komanso chigumu chokhuthala kwambiri sichipsa pakati, bola kuphika kawiri kusiyana ndi kudzadza poto. Gwedezani poto pang'ono kuti phala likhale mofanana.

Chovindikira chikhale chachitsulo chokhachokha. Chivindikiro cha galasi chimasweka, cha kachogwirira ka pulasitiki chimasungunuka nkununkhitsa chakudya chonse, ndinaonapo mnzanga akulira nacho. Ambiri timagwiritsa ntchito kachidutswa ka lata kosalala kotsuka bwino, kopanda penti ndi dzimbiri, kokulirapo kuposa kukamwa kwa poto kuti phulusa lisagweremo. Ikani makala aja pamwamba pake, muwayale ponseponse makamaka m'mbali, osawaunjika pakati. Amene muli kumudzi zitsononkho zimagwiranso ntchito bwino pamwambapa, kungoti zimatha msanga ndiye muzionjezera. Pa mafuwa ndi chimodzimodzi, chotsani nkhuni zoyaka, pansi patsale makala ochepa, ena onse pa lata.

Mphindi 25 zoyambirira musavundukule olo mtima ukufuna bwanji. Mukatsegula msanga kutentha kumathawa, chigumu chimene chimafufuma chimabwerera pansi ndipo sichidzukanso, pakati pamatsala chidzenje. Chimene mungachite ndi kuzunguza poto pang'ono pakapita mphindi 10 zilizonse, nalonso lata kulizunguza mbali ina, chifukwa mbaula iliyonse ili ndi mbali yotentha kwambiri. Mphuno ikhale tcheru. Fungo la nthochi yopsa bwino limakoma, koma mukangomva kafungo ka kupserera dziwani kuti ndi pansi, tsitsani poto pa mbaula muike pa dothi, makala apamwamba apitirize okha ntchito. Ine nthawi zambiri mphindi 15 zomaliza poto amakhala ali pansi, moto wapamwamba wokha.

Zikakwana mphindi 25 kapena 30 nyamulani lata mosamala ndi nsalu yokhuthala, mulisunthire kumbali osapendeketsa, suzumirani. Pamwamba pakuyenera kukhala patauma, patayamba kufiira. Ngati padakali poyera onjezerani makala pamwamba, ngati pakuda msanga pomwe mkati simunapse chotsaniko ena. Chonse chimatenga mphindi 45 mpaka ola limodzi kutengera poto ndi makala anu, a mtengo wolimba amakhalitsa, ena opepuka aja amangoti phuu nkusanduka phulusa ndiye khalani ndi ena oyaka pambali. Kuti mudziwe kuti chapsa bayani mpeni pakati penipeni mpaka pansi, ukatuluka wouma kapena ndi tinyenyeswa tochepa chapsa, ukatuluka ndi phala bwezerani lata mphindi 10 zina. M'mbali mumaonekanso kuti chayamba kusiyana ndi poto, pamwamba pamang'aluka pang'ono, kung'alukako si vuto, chigumu chimatero.

Chinthu china chimene sindingasiye kunena, mbaula iphikireni panja kapena pakhonde, pena paliponse podutsa mphepo. Nthawi yozizira ya June ndi July anthu amalowetsa mbaula m'nyumba nkutseka zitseko ndi mawindo kuti aziothera uku akudikira chigumu, mpweya wa makala uja suoneka ndipo sununkha koma umapha, umayamba ndi mutu ndi chizungulire kenaka tulo. Ndipo ana atalikire, lata la makala lija likakhala pansi mwana amaliponda osaliona.

Amene muli ndi uvuni, tenthetsani kaye pa madigiri 180 a Celsius, ikani pa shelefu yapakati, mphindi 45 mpaka 55, kuyesa kwake ndi kwa mpeni komweko. Msuweni wanga amene ali ku Johannesburg amaphika ndi ufa wa m'mapaketi wa kumeneko, amati chimatheka koma amausiya nthawi yotalikirapo kuti umwe mkaka chifukwa ndi wokhakhala, ndipo amadandaulabe kuti fungo la mgaiwa wa kuchigayo kulibe.

Chikapsa musathamangire kuchotsa mu poto, chotentha chimasweka. Chisiyeni mphindi 15 chosavindikira, kenaka yendetsani mpeni m'mbali monse, ikani mbale yaikulu pakamwa pa poto nkugadabuza. Matulani tsamba lija pang'onopang'ono. Ngati pansi papserera pang'ono musataye mtima, dikirani chizizire mupale ndi mpeni kapena ndi geleta, alendo sadziwa. Ngati mwadula nkupeza pakati pali pawisi, dulani zidutswa muziike pa felempani yopaka majarini pa moto wochepa, mbali zonse ziwiri, zimapsa ndipo ena amazikonda kuposa chigumu chenichenicho.

Mukazolowera mutha kumaseweretsa. Nsinjiro theka la kapu m'malo mwa fulawa wina zimapangitsa chigumu kukhala chonona, ndipo mafuta mumachepetsa. Sinamoni pang'ono amagwirizana ndi nthochi, khungu la ndimu lopala nalonso. Zoumba zamphesa ndinayesapo pa Khirisimasi ina, ana anazitola zonse nkuzisiya m'mbali mwa mbale, sindinabwerezenso. Shuga wabulawuni amapatsa mtundu wabwino kuposa woyera. Ndipo phala lomweli mukalilimbitsa ndi mgaiwa wina, osaika mazira ndi chambiko, nkumatapa ndi supuni kuponya m'mafuta otentha, mwapanga zitumbuwa, moti tsiku limene makala achepa ine ndimangotembenukira kumeneko.

Pophikira gulu, monga pa chinkhoswe, kumpingo kapena anthu akabwera kudzaona mwana, musachulukitse muyezo mu poto mmodzi. Phikani mapoto awiri kapena atatu motsatizana, ndipo beseni lililonse soda muziika pamene poto wake wakonzeka kukwera pa moto. Poto mmodzi wa muyezo uwu amatulutsa zidutswa 12 zabwinobwino, 16 ngati pali mandasi ndi zina pambali. Ndibwino kuphika madzulo a dzulo lake chifukwa chigumu chogona chimadulika bwino ndipo kukoma kwa nthochi kumamveka kwambiri mawa lake.

Kasungidwe kake, chizizire kaye mpaka mkati musanachivindikire, mukachitsekera chotentha mu kontena chimachita thukuta nkuyamba kunanda. Chikulungeni mu nsalu yoyera kapena muike mu poto wouma. Nthawi yozizira chimakhala masiku 3, koma nthawi yotentha ngati ya October masiku 2 basi, nthochi sizichedwa kusasa, mukaona kuti podula pakutuluka tiulusi tonanda kapena pachita chuku tayani osaumira. Mu filiji chimatha sabata koma chimalimba, ndiye muzichitenthetsa pa felempani musanapereke. Chimayenda ndi tiyi wa mkaka wotentha, ena amapaka majarini, abambo a kunyumba kuno amachidya ndi mapeyala, zimene ine mpaka lero sindinazimvetse. Makala otsala pa lata paja musawathire madzi, abwezereni mu mbaula mukwiriremo mbatata ziwiri zitatu, pomwe tiyi akuwira zikhala zitapsa.